CHOYEZERA KUZIZIRA CHIKANAMA, KATEMERA AMAONONGEKA

Mayi wopita ndi mwana ku sikelo m'mamawa kawirikawiri amapeza mlangizi wa zaumoyo ataima pa firiji, akulemba nambala papepala. Ntchito imeneyi iyenera kuchitika kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ngakhale Lamulungu. Katemera wa ana amasungidwa pa kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo lamuloli ndilo msana wa ntchito yotemera ana, imene inakhazikitsidwa m'dziko lonse la Malawi mu 1979. Kutentha kukapitirira, katemera wa poliyo ndi wa chikuku amatha mphamvu. Kuzizira kukafika poumitsa madzi, katemera wa kafumbata ndi wa chifuwa chokoka mtima amaonongeka, ndipo sakonzekanso ngakhale asungunuke.

Tsono nambala imene mlangiziyo amalemba imachokera ku kachipangizo koyezera kutentha. Kachipangizoka kakanama, pepala lonse lanama.

Zoyezera zilipo zamitundumitundu. M'mafiriji a zipatala zazing'ono mumakhala tizipangizo tosavuta, koma m'zipinda zikuluzikulu zozizira, m'mafakitale, m'malo oyezera zanyengo ndiponso kwa akatswiri oona ngati zoyezera zina zikunena zoona, chodalirika kwambiri ndi cha pulatinamu. Pulatinamu ndi chitsulo cha mtengo wapatali chosachita dzimbiri. Kawaya kake kopyapyala kamabisidwa kunsonga kwa kandodo kachitsulo, ndipo nthambo imachokera pamenepo kupita ku bokosi loonetsa manambala. Chinsinsi chake n'chakuti chitsulo chikatentha, magetsi amadutsamo movutikira. Kuvutikirako kumawerengedwa m'muyeso wotchedwa ohm. Mtundu wofala, wotchedwa Pt100, umaonetsa ma ohm 100 pa digiri 0, ndi ma ohm 138.5 pa madigiri 100. Nzeru imeneyi anaiyambitsa ndi William Siemens mu 1871, ndipo Hugh Callendar wa ku England anaikonza bwino cha m'ma 1886.

Kawaya ka pulatinamuko sikaonongeka wamba. Zimene zimavuta kawirikawiri ndi nthambo ndi malo amene nthambozo zalumikizidwa. Bokosi loonetsa manambala silidziwa kusiyanitsa kuvutikira kwa magetsi kochokera ku kutentha ndi kochokera ku nthambo yokhwepa kapena ya dzimbiri. Ohm imodzi yokha yoonjezeka imakweza nambala ndi madigiri awiri ndi theka. Pa ng'anjo youmitsira tiyi m'fakitale ya ku Thyolo kusiyana kotere kungathe kupiririka, koma m'firiji ya katemera, momwe malire onse ndi madigiri asanu ndi limodzi okha, ndi nkhani yoopsa. Firiji ingakhale pa madigiri 6, pabwinobwino, koma bokosi n'kuonetsa 8 ndi theka. Munthu wofulumira amathamangira kupotokola batani kuti firiji izizire kwambiri, ndipo m'mawa mwake katemera wina amapezeka atauma. Choncho amene amafuna kuteteza katemera ndiye wamuononga. N'chifukwa chake zoyezera zabwino zimakhala ndi nthambo zitatu kapena zinayi m'malo mwa ziwiri: zoonjezerazo zimathandiza bokosi kuchotsera gawo la nthambo, n'kusiya la kutentha lokha.

Ku Bvumbwe ndi madera ena a m'minda ya tiyi kuli mdani wina, ndiye chinyezi. Chiperoni cha m'miyezi ya Juni ndi Julayi chimanyowetsa ngakhale zinthu za m'nyumba, ndipo m'firiji momwemo mumakhala mame. Madzi akalowa pamene nthambo ikumana ndi kandodo, magetsi amapeza njira yachidule, ndipo nambala imatsika kuposa mmene zilili. Bodza ili ndi loipa kuposa loyamba lija, pakuti silidzidzimutsa munthu: pepala limaonetsa kuti zonse zili bwino pamene katemera akufunda. Koma nthambo ikaduka, monga mmene makoswe amachitira, n'kosavuta kuzindikira, popeza bokosi limaonetsa nambala yopanda nzeru kapena chizindikiro chakuti pali vuto.

Nambala ikaoneka yachilendo, wachipatala wodziwa ntchito yake sakhudza batani msanga. Amayamba waona pamene kandodo kagona. Kakakhudza khoma lozizira la mkati kamanena za khomalo, kakakhala pafupi ndi chitseko kamanena za mpweya wa panja. Malo ake ndi pakati pa mabokosi a katemera. Kenaka amagwedeza nthambo pang'onopang'ono akuyang'ana manambala. Akadumphadumpha, ndiye kuti penapake pakhwepa. Amaikanso choyezera chachiwiri pambali pa choyambacho, n'kutseka chitseko kwa kanthawi. Ziwirizo zikagwirizana, wolakwa ndi firiji. Zikasiyana, chimodzi chikunama, ndipo woweruza mlanduwo ndi madzi oundana.

Madzi oundana oyera amaphwanyidwa tizidutswa ting'onoting'ono n'kudzazidwa m'fulasiki, ndipo amathiramo madzi pang'ono, ongokwanira kutseka mipata. Akatakasa, amamiza kandodo pakati, kosakhudza pansi kapena m'mbali, n'kudikira mpaka nambala itakhazikika. Choyezera choona chimaonetsa 0. Ena amaganiza kuti madzi owira angachitenso chimodzimodzi poonetsa 100, koma zimenezo n'zoona m'mbali mwa nyanja yamchere mokha. Bvumbwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo kumeneko madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96. Woyesa ndi madzi owira angataye chipangizo chabwino n'kusunga chabodza. Chimene chalephera pa madzi oundana sichikonzedwa ndi mpeni kapena tepi. Chimatumizidwa kwa amisiri, ndipo za miyeso yoona m'dziko muno amayang'anira ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972.

Nanga katemera amene anali m'firijimo? Kuyambira mu 1996 mabotolo a katemera wa poliyo, kenaka ndi enanso, anayamba kubwera ndi kachizindikiro ka bwalo lokhala ndi kabokosi koyera pakati. Kutentha kumadetsa kabokosiko, ndipo kakafanana mtundu ndi bwalo, botololo limatayidwa. Mayi ali ndi ufulu wopempha kuti aone chizindikirochi. Koma icho sichinena kanthu za kuuma. Pofuna kudziwa zimenezo, achipatala amakhutchumula botolo lokayikitsa pamodzi ndi lina la mtundu womwewo limene aliumitsa dala n'kulisungunula. Katemera woonongeka amadikha msanga n'kusiya madzi oyera pamwamba, monga mmene ufa umakhalira pansi pa madzi.

Zonsezi zimadya nthawi, ndipo nthawi zina katemera amayenera kusamutsidwa m'bokosi lozizira kupita ku chipatala china, kapena kudikira wina kuchokera ku boma. N'zowawa kwa mayi amene wasiya ntchito yothyola tiyi kapena dimba lake la masamba, n'kuyenda ulendo wautali ndi mwana kumbuyo, kuuzidwa kuti abwerenso. Komabe jakisoni wa katemera wakufa amangosiya chidindo m'buku la mwana, chitetezo ayi. Poliyo amene anapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe mu 2022, patapita zaka makumi atatu asanaoneke m'dziko muno, anaonetsa kuti matendawa sali kutali. Mayi wobwezedwa afunse tsiku lenileni lobwerera, alilembetse m'buku la mwana, ndipo katemera amene mwanayo analandira kale sayambidwanso. Amangopitiriza pamene analekezera.