JALI MAKAWA, MUNTHU AMENE ANALI KUDZIWA MBALAME NDI MAKUTU

Mu Chilenje nyumba zaculuka ndipo mitengo yacepa, koma pumbwa akali kudzutsa anthu m'mamawa ndipo njiwa zikali kulira pa mawaya a magetsi. Mwana wa sukulu akafuna kudziwa dzina la mbalame m'Cingerezi amatsegula buku la zithunzi. Ndi owerengeka cabe amene adziwa kuti zambiri zolembedwa m'mabuku a mbalame za dziko lino zinadzera m'manja mwa Bambo Jali Makawa, munthu amene dzina lake silipezeka pa cikuto ca mabukuwo.

A Makawa anali Mlomwe. Anabadwira ku Mozambique ca m'ma 1914, ndipo monga Alomwe anzao ambiri pa nthawi ya Apwitikizi, anasamukira ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Kumeneko anakumana ndi a Constantine Walter Benson, mzungu wa ku England amene anafika m'caka ca 1932 kudzagwira nchito ya boma. Nchito yoyamba ya a Makawa inali ya kukhichini, yotsuka mbale. Koma bwanayo anali wokonda mbalame kopambana, ndipo sipanapite nthawi anaona kuti mnyamata wakeyo anali ndi maso ndi makutu oposa ake.

Masiku amenewo kunalibe makamera ogwira bwino mbalame yobisala m'masamba. Wofuna kuiphunzira anali kuiombera ndi kamfuti ka zipolopolo zazing'ono, ndi kusunga cikopa cake. Nchito imeneyi ifuna dzanja lofatsa. Munthu amang'amba pang'ono pamimba, nacotsa mnofu wonse osathothola nthenga, napaka mankhwala oletsa kufumbwa, naikamo thonje, nasoka. Ku mwendo amamangako kapepala konena tsiku, malo, ndi maonekedwe a maso, mlomo ndi miyendo, cifukwa zimenezi zimasintha mbalame ikangofa. Wojambula zithunzi, amene mwina ali kutsidya kwa nyanja ndipo sanapondepo m'tchire la kuno, amadalira cikopa ndi kapepalako. Cikopa cikakonzedwa mwaulesi, cithunzi naco cidzanama, ndipo bodzalo lidzalowa m'buku.

A Makawa anali mmisiri pa nchito imeneyi, koma cimene cinacititsa kuti achuke ndi makutu ao. Anali kutha kuzindikira mbalame pongomva kulira kwake, ndiponso kuiyerekeza ndi mluzu mpaka iyo yokha ibwere pafupi. Mlenje ali yense wa kumudzi amene anatsatapo nsolo kupita ku njuci adziwa kuti nzeru yotere siiphunziridwa m'kalasi.

Anthu awiriwa anayenda maulendo atali-atali. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse a Benson anatumizidwa kumwera kwa Ethiopia, kumene m'caka ca 1942 analemba za namzeze wa mcira woyera amene akatswiri anali asanamdziwe. M'caka ca 1952 anasamukira kuno ku Northern Rhodesia, nalowa m'dipatimenti yoyang'anira nyama za m'tchire, imene likulu lake linali ku Chilanga, pa mseu wa ku Kafue, kufupi ndi Lusaka. A Makawa anabwera nao. Mndandanda wa mbalame za dziko lino, umene a Benson analemba pamodzi ndi a C. M. N. White, unasindikizidwa mu Lusaka momwe muno m'caka ca 1957. Caka cotsatira a Benson, akazi ao ndi a Makawa anaoloka nyanja kukafufuza mbalame ku zisumbu za Comoro.

Tsiku lalikulu pa moyo wa a Makawa linali la 6 Sepitembala 1964, patatsala milungu yowerengeka kuti Zambia alandire ufulu. Anali ku Mayau, cakumpoto kwa Kabompo, m'nkhalango yowirira imene eni dziko amacha mavunda. Kumeneko anagwira kambalame kakang'ono ngati timba, ka mtundu uja umene kulira kwake kumamveka ngati munthu wokhoma zidebe. Koma aka kanali kosiyana ndi tinzake: cifuwa cake cinali coyera. A Benson ndi a Michael Irwin anakalemba m'caka ca 1965 monga mtundu watsopano, nakapatsa dzina la Cilatini lakuti Pogoniulus makawai, kutanthauza kuti ka Makawa. M'masiku amene mbalame zinali kuchedwa maina a abwanamkubwa, ulemu wotere sunali kugwera munthu wakuda kawiri-kawiri.

Kucokera tsiku lija akatswiri abwerera ku mavunda maulendo angapo, koma palibe amene anagwiranso kena. Motero cithunzi ciri conse ca kambalameka cinajambulidwa poyang'ana cikopa cimodzi cokhaco. Ena anayamba kukaika, nati mwina ndi ka mtundu wodziwika kale kamene kanangobadwa ndi nthenga zacilendo. M'caka ca 2018 ofufuza anapima kacidutswa ka cikopaco ndi makina oona cibadwa ca zamoyo, napeza kuti nkacibale ceni-ceni ca mtundu wa msana wacikasu, umene uli wambiri m'nkhalango zathu. Zimenezi sizicepetsa a Makawa. Iwo anaona kusiyana kumene kunalipodi, ndipo kunapita zaka zoposa 50 kuti makina afotokoze cimene diso lao linaona.

Buku lalikulu la The Birds of Zambia linatuluka m'caka ca 1971. Olemba ake ndi a Benson, a Brooke, a Dowsett ndi a Irwin, ndipo zithunzi zake zamitundu anajambula ndi a A. M. Hughes. Munalembedwa mitundu ya mbalame pafupi-fupi 700. Imodzi mwa izo ndi mbalame yoyera mutu ndi cifuwa, yofiira m'maso, imene Azungu amacha Chaplin's barbet. Siipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi koma mu Zambia, makamaka ku Chisamba, ku madambo a Kafue ndi ca ku Choma, ndipo ndiyo inajambulidwa pa kobiri la K1 limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 2013. Imadya nkhuyu ndi kuswera m'mphako za mitengo. Mlimi amene agwetsa mkuyu wa pakati pa munda wake agwetsa nkhokwe ndi nyumba ya mbalameyi tsiku limodzi. Ku mavunda nako moto ndi nkhwangwa za otsegula minda ya cinangwa zikudya nkhalango.

A Benson anapuma nchito m'caka ca 1965 nabwerera kwao, kumene anathera zaka zao akulongosola zikopa za mbalame m'nyumba yosungiramo zakale ya pa yunivesite ya Cambridge. Anamwalira m'caka ca 1982. A Makawa anapitiriza kuthandiza akatswiri ena, ndipo anatsikira kuli cete m'caka ca 1995. Kambalame ka ku Mayau kasungidwa m'kabati ku Tring, ku England, kapepala kake kali ku mwendo.