Zimene zimapha bizinesi isanakhwime

Mu November 2023, banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi ya ku America idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kusinthaku kudaonetsa poyera vuto limene limadya mabizinesi ongoyamba kumene mwakachetechete: kuika mtengo potsatira ndalama zimene mwapikulira katundu dzulo, osati zimene mukapikulire mawa.

Tiyerekeze wamalonda amene adaoda katundu wa madola 100 kwacha isanagwe. Adalipira K118,000, ndipo ataikapo phindu la 20 peresenti adagulitsa zonse pa K141,600. M'maso mwake wapindula K23,600. Koma pofuna kuodanso katundu yemweyo akufunika K170,000, kutanthauza kuti waperewera K28,400, osawerengera thiransipoti ndi msonkho. Makasitomala adabwera, katundu adatha, koma mpamba wachepa. Nchifukwa chake mashelefu a maokala ena amanka napepuka pamene mwini wake akulumbira kuti malonda akuyenda.

Vutoli limakula chifukwa ambiri salemba. Ndalama ya bizinesi ndi ya pakhomo zimakhala m'thumba limodzi, kapena pa nambala imodzi ya Airtel Money kaya TNM Mpamba. Ya ndiwo ichoka momwemo, ya fizi momwemo, ya chipepeso pamaliro momwemonso. Palibe cholakwika kuthandiza abale, ndipo kwathu kuno wokana amatchedwa wouma mtima. Cholakwika nkusadziwa kuti mwatapa zingati. Mwini bizinesi amene amadzipatsa malipiro okhazikika pamwezi, ngakhale ochepa, amadziwa pothera dzanja lake. Winayo amadzidzimuka tsiku lokapikula.

Ngongole za makasitomala nazo ndi mpamba umene wagona m'nyumba za eni ake. Achimwene amene adatenga thumba la shuga nkunena kuti "pakutha pa mwezi" ngovuta kuwalonjerera kuposa mlendo.

Palinso kutengera. Mmodzi akayamba kugulitsa kaunjika kapena kuweta nkhuku za nyama nkuoneka kuti zikumuyendera, pakangotha miyezi ingapo mzere wonse wadzaza malonda omwewo. Ogula sadachuluke, ndiye chotsala nkutsitsirana mitengo mpaka phindu litatha. Mlimi wa nkhuku ndiye amalira kwambiri, pakuti nkhuku ikakhwima pa masabata asanu ndi limodzi imapitiriza kudya tsiku ndi tsiku ngakhale wogula asadapezeke. Msika umayenera kufunidwa anapiye asadalowe m'khola.

Ena amathamangira kukula. Atangoona phindu la miyezi iwiri achita lendi shopu yaikulu, alemba antchito, nkukatenga katapila. Chiwongoladzanja cha katapila sichidikira kuti malonda ayende, ndipo ngakhale ngongole ya banki nkhonde imafuna kubwezedwa pa nthawi yake, kugwe mvula kaya kuwale dzuwa.

Za mapepala ambiri amaziona ngati zotayitsa nthawi, mpaka mwayi utawadutsa. Wopanga chiponde kapena wokonza uchi akhoza kukhala ndi katundu wabwino, koma masitolo akuluakulu amafunsa chiphaso cha Malawi Bureau of Standards asadamuike pashelefu. Mabungwe ndi maofesi a boma ofuna kugula katundu nawo amafunsa kalata yolembetsera bizinesi komanso nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA. Mapepalawa satuluka tsiku limodzi, pamene tenda ili ndi tsiku ndi ola lotsekera.