Diso Limayang'ana, Ubongo Ndiwo Umaona

M'midzi ya kwathu ku Phalombe, kuyambira ku Migowi mpaka kwa Nazombe, mawu akuti ng'ala amatikumbutsa agogo. Timadziwa kuti munthu wachikulire akhoza kukhala ndi ng'ala zaka zambiri, koma madokotala akaichotsa amayambanso kuona. Chifukwa cha ichi, khanda likabadwa ndi kachinthu koyera pa kamwana ka m'diso, makolo ena amati ayambe wakula kaye, adzamuchita opaleshoni akakhwima. M'nkhani ino ndifotokoza chifukwa chake kudikira kotere kumamulanda mwana mwayi woona, ngakhale ng'alayo idzachotsedwe bwino lomwe.

Poyamba tiyenera kusiyanitsa kuyang'ana ndi kuona. Ntchito ya diso ndi kulandira kuwala ndi kutumiza uthenga kudzera mu mtsempha kupita ku chigawo cha ubongo cha kunkhongo. Ubongo ndiwo umamasulira uthengawo kuti apa pali nkhope ya amayi, apo pali chikho. Mwana sabadwa ndi luso limeneli lili lathunthu. Njira za mu ubongo zimalumikizana ndi kukhwima pamene diso likutumiza zithunzi zooneka bwino tsiku ndi tsiku. Agogo amaonanso ng'ala ikachoka chifukwa ubongo wawo unaphunzira kale kuona ali mwana. Khanda la ng'ala silinaphunzirepo.

Umboni wa mfundoyi unachokera kwa David Hubel ndi Torsten Wiesel a ku yunivesite ya Harvard. M'zaka za m'ma 1960 iwo ankatseka diso limodzi la ana amphaka kwa miyezi itatu yoyambirira. Polimasula, disolo linkapezeka lili bwinobwino, koma mphakayo sankaona nalo, chifukwa malo ake mu ubongo anali atalandidwa ndi diso linzake. Atachita zomwezo pa mphaka wamkulu, palibe chinaonongeka. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1981. Kwa munthu, nyengo imene ubongo umaumbika chotere imayamba pobadwa, imakhala yamphamvu kwambiri m'miyezi yoyambirira, ndipo imanka icheperachepera mpaka pa zaka 7 kapena 8. Ndiye chifukwa chake madokotala amafuna kuchotsa ng'ala yobadwa nayo khanda lisanapitirire masabata 6 ngati ili diso limodzi, kapena pafupifupi masabata 10 ngati ili m'maso onse.

Ife ophunzira za chiyankhulo mfundoyi si yachilendo. Mu 1967 Eric Lenneberg ananena kuti chiyankhulo nacho chili ndi nyengo yake, ndipo mwana amene sanamve kapena kuona chiyankhulo chilichonse ali wamng'ono amavutika kudzachigwira bwino atakula. Mwana wa ku Chiringa amatola Chichewa ndi Chilomwe popanda womukhazika pansi, pamene ife timatuluka thukuta ndi Chifalansa m'kalasi. Kuona nakonso kuli ngati chiyankhulo choyamba: kumaphunziridwa mosazindikira, koma pa nthawi yake.

Nanga amene wachedwa, zake zada? Funsoli ndi lakale. Mu 1688 William Molyneux anafunsa John Locke ngati munthu wobadwa wosaona, atapenya mwadzidzidzi, angazindikire ndi maso okha zinthu zimene amazidziwa pozikhudza. Yankho linapezeka ku India, kumene Pawan Sinha anayambitsa ntchito ya Project Prakash yochotsa ng'ala mwa ana okulirapo. Kafukufuku wawo wa mu 2011 anaonetsa kuti ana asanu a zaka zapakati pa 8 ndi 17, atangochitidwa opaleshoni, sankatha kugwirizanitsa chimene akhudza ndi chimene akuona, koma patapita masiku ochepa anayamba kutha. Izi zikusonyeza kuti khomo silitsekekeratu. Komabe ana otere nthawi zambiri saona tinthu ting'onoting'ono monga anzawo, ndipo ambiri maso awo amangogwedezeka.

Kuno kumwera, ana a ng'ala amathandizidwa ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa banja la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ulendowu umafuna ndalama, ndipo sutha ndi opaleshoni yokha. Mwana amafunika magalasi, kubwerera kukapimidwa, ndiponso kumata diso labwino kwa maola angapo pa tsiku kuti ubongo ukakamizike kugwiritsa ntchito diso lofooka. Makolo amamva chisoni mwana akamalira ndi chomatacho, koma kuchichotsa ndiko kumupweteka. Kupewa nako kulipo: rubella, matenda ofanana ndi chikuku, akagwira mayi woyembekezera amatha kuyambitsa ng'ala mwa mwana, ndipo Malawi anayamba kupereka katemera wake mu 2017.

Pomaliza, ndikuona kuti mbali ina ya vutoli ili m'mawu. Bola ngati ng'ala tikuimva ngati nthenda ya okalamba, mayi sadzathamanga nalo khanda. Uthenga wa kusikelo ndi wa alangizi a zaumoyo uyenera kunena mosabisa kuti kuyera kwa kamwana ka m'diso, kumene nthawi zina kumakhala chizindikiro cha khansa, n'kofunika dokotala sabata yomweyo. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo pa nkhani ya maso poyambapo ndi masabata owerengeka chabe.