Pa Raundabauti ya ku France ndi pa Msewu wa ku Nairobi

Mnyamata wa bodaboda ku Nairobi, amene kuno timati wa kabaza, kawirikawiri sadzaza thanki. M'mawa amaima pa pampu, n'kupisa m'thumba, n'kuthira mafuta a ndalama yomwe wagona nayo, mwina mashilingi 200. Mu Seputembala 2023 ndalama imeneyo inasiya kukwana ngakhale lita imodzi, pakuti petulo anadutsa mashilingi 200 koyamba m'mbiri ya Kenya. Zifukwa zinalipo zingapo. Shilingi inkagwa, mafuta anali atakwera kumene amagulidwa, ndipo Pulezidenti William Ruto atangolowa m'boma mu Seputembala 2022 anachotsa ndalama zomwe boma linkaika kuti petulo atsikeko mtengo. Koma chomwe anthu ankachiloza ndi chala chinali cha pa 1 Julayi 2023, tsiku lomwe msonkho wa VAT pa mafuta unachoka pa 8 peresenti kufika pa 16.

Zaka zisanu m'mbuyo mwake, anthu a ku France anakwiya ndi nkhani yofanana, ngakhale kuti mukaona manambala ake mungadabwe kuti chinawapweteka n'chiyani. Boma la Emmanuel Macron linkafuna kuti mu Januwale 2019 dizilo akwere ndi masenti 6.5 pa lita, petulo ndi masenti 2.9, pa nthawi yomwe lita inali pafupifupi yuro imodzi ndi theka. Unali msonkho wa utsi wowononga nyengo, womwe unayamba mu 2014 pa mayuro 7 pa tani ya mpweya woipa, n'kufika pa 44.6 mu 2018. Cholinga chake n'chabwino, ndipo ine sindichitsutsa. Komabe pa 17 Novembala 2018 anthu oposa 280,000 anatseka misewu atavala tizovala tachikasu tonyezimira, tija lamulo la kumeneko limati galimoto iliyonse izikhala nato. Chovala cha zionetserocho aliyense anali nacho kale m'galimoto.

Kuti munthu amvetse mkwiyo wa ku France ayenera kuchoka ku Paris, kumene sitima zapansi panthaka zimafika paliponse. Kumatauni ang'onoang'ono ndi kumidzi, mayi wosamalira okalamba m'makomo amayenda makilomita ambiri pa tsiku ndi kagalimoto kakale ka dizilo. Anagula ka dizilo chifukwa kwa zaka zambiri boma lomwelo linkalimbikitsa dizilo pomuikira msonkho wotsika. Positi ofesi ya pafupi inatsekedwa, chipatala cha amayi oyembekezera chinasamukira kutauni yaikulu, ndiye chilichonse chimafuna galimoto. Mu Julayi 2018 liwiro pa misewu yakumidzi analitsitsa kuchoka pa 90 kufika pa 80, ndipo anthu analiona ngati msampha wa chindapusa. Anthu otere ndi amene anakakhoma tizisakasa ta matabwa pa maraundabauti, n'kukoleza moto m'migolo, n'kumamwa khofi m'chisanu cha Disembala ndi anthu omwe kale ankangodutsana osapatsana moni.

Panalinso chilonda china. Kumayambiriro kwa 2018 Macron anachotsa msonkho wa chuma cha anthu olemera kwambiri, n'kusiya wa nyumba ndi malo wokha. Ndiye mayi wa kagalimoto uja ankauzidwa kuti alipireko kuti dziko lipulumuke, chaka chomwecho chimene eni masheya anapeputsidwa katundu. Gawo lalikulu la msonkho wa mafutawo silinkapita n'komwe ku ntchito zoteteza chilengedwe; linkalowa m'thumba lalikulu la boma. Dzina loti pulezidenti wa olemera linamukanirira Macron kuyambira pamenepo.

Ruto naye anapatsidwa dzina. Anam'tcha Zakayo, ndiye kuti Zakeyu, wokhometsa msonkho wa m'Baibulo uja. Dzinali linaluma kwambiri chifukwa mwini wake anapempha voti podzitcha mnzawo wa ovutika, munthu amene anakula akugulitsa nkhuku m'mbali mwa msewu. A bodaboda ndi amayi ogulitsa ndiwo zamasamba anali patsogolo pa misonkhano yake. Chaka chisanathe, lamulo lomwe linakweza VAT ya mafuta linabweretsanso msonkho wa nyumba wa 1.5 peresenti pa malipiro. Mu Julayi 2023 mtsogoleri wa otsutsa boma, Raila Odinga, anatsogolera zionetsero, anthu anafa, koma msonkho sunasunthe.

Apa ndi pamene nkhani ziwirizi zimasiyanira, ndipo ndikuona kuti kusiyanaku n'kofunika kuposa kufanana kwake. Anthu a tizovala tachikasu ankadandaula kuti boma lawathawa. Ankafuna sukulu, sitima, dokotala ndi positi zibwerere kwawo. Mfalansa amakhoma misonkho yokwera kuposa anthu a maiko ambiri, koma akadwala amachiritsidwa, akakalamba amalandira penshoni, ndipo mkangano wake unali woti ndani akusenza katundu wochuluka. Mkenya funso lake linali lina: ndalama tikukhomazi zikupita kuti? Zoposa theka la zomwe boma limatolera zinkapita kobweza ngongole, ndipo dzikolo linali pansi pa mgwirizano ndi IMF kuyambira 2021, womwe unkalikakamiza kutolera zambiri. Wokhoma msonkho ankalipira njanji ndi misewu yomangidwa dzana, pamodzi ndi ndalama zomwe zinasowera m'njira, pamene m'chipatala cha boma ankauzidwa kuti mankhwala akagule yekha.

Pamwamba pa izi panali zomwe maso ankaona. Aphungu ndi nduna ankaonekera ndi mawotchi odula ndi magalimoto ondondozana, ena akupereka mitolo ya ndalama pa zopereka za m'matchalitchi. Mu Meyi 2024 Ruto anapita ku America pa ndege yahayala. Anthu atafunsa, iye anati inangodya mashilingi 10 miliyoni chifukwa abwenzi anathandiza, ndipo yankho limenelo linangobala funso lina loti abwenziwo ndi ndani. Ndege imodzi singabweze ngongole ya dziko, zimenezo n'zoona, ndipo akatswiri a zachuma amakonda kutikumbutsa. Koma munthu amene wauzidwa kuti apirire amayang'ana kaye ngati womuuzayo akupirira naye. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ife a ku Malawi sitifunika kufotokozeredwa: pa 20 Julayi 2011, pamene mizere ya mafuta inali itatopetsa anthu, ndege ya pulezidenti inali pakati pa madandaulo omwe anatulutsa anthu m'misewu.

Mwezi womwewo wa ulendo wa ku America uja, bilu ya zachuma ya 2024 inafika m'nyumba ya malamulo itanyamula VAT pa buledi, msonkho wa 2.5 peresenti pa galimoto chaka ndi chaka, ndi wina wokhudza matewera ndi zovala za amayi akakhala kumwezi. Ulendo uno amene anatuluka anali achinyamata, opanda chipani. Afalansa anakumanira pa Facebook. Awa anakumanira pa TikTok ndi X, akumasulira biluyo m'zinenero za kwawo ndime ndi ndime, akugawana manambala a foni a aphungu kuti aliyense amuimbire wake. Boma linachotsako ndime zina, koma anthu anali atasiya kale kukambirana za buledi. Pa 25 Juni aphungu 195 anavomereza biluyo, 106 anakana, ndipo masana omwewo khamu linathyola mpanda wa nyumba ya malamulo, mbali ina n'kuyaka moto. Apolisi anawombera zipolopolo zenizeni.

Za imfa siziyenera kudutsidwa mothamanga. Ku France apolisi anachita nkhanza, ndipo anthu oposa 20 anataya diso ndi zipolopolo za mphira. Ochita zionetsero ena nawonso anaotcha magalimoto ndi kuwononga chipilala cha Arc de Triomphe pa 1 Disembala 2018. Koma ambiri mwa amene anafa anafa pa ngozi za galimoto m'malo otsekedwa. Ku Kenya bungwe la boma loona za ufulu wa anthu linawerenga anthu 50 ophedwa pofika pakati pa Julayi 2024, ndiponso ena ambiri obedwa ndi anthu osadziwika. Madandaulo anali ofanana, koma mayi wa ku Nairobi ankatsanzikana ndi mwana wake m'mawa osadziwa ngati madzulo akamufune kupolisi kapena kumochale.

Atsogoleri onse awiri anabwerera m'mbuyo, aliyense malinga ndi thumba lake. Pa 4 Disembala 2018 nduna yaikulu Édouard Philippe inaimitsa kukwezako kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mawa lake boma linati chaka chonse cha 2019 sikudzakhala kukweza. Pa 10 Disembala Macron analonjeza mayuro 100 owonjezera pamwezi kwa olandira malipiro otsika, pamodzi ndi zina zokwana pafupifupi mayuro 10 biliyoni. France inatha kutero chifukwa inkakongola pa chiwongoladzanja chotsika. Msonkho wa olemera uja Macron anakana kuubwezeretsa, koma wa utsi unaima pa 44.6 kwa zaka zotsatira.

Ruto analibe pokongola motchipa. Pa 26 Juni anakana kusaina biluyo, kenako analengeza kuti athetsa mabungwe a boma 47 ndi kuchotsa ndalama za ofesi ya mkazi wake, ndipo pa 11 Julayi anachotsa pafupifupi nduna zonse. Izi zinaonetsa kuti pochepetsa panalipo ndithu, ndipo pakadachepetsedwa anthu asanafe. Koma dzenje la mashilingi 346 biliyoni lomwe biluyo inkafuna kukwirira linatsala, ndipo VAT ya mafuta chaka chinatha ikadali pa 16. Pakati pa Julayi womwewo, maliro a achinyamata asanathe, msonkho wokonzera misewu unakwera kuchoka pa mashilingi 18 kufika pa 25 pa lita. Mafuta anali atatsika kunja, choncho mtengo wa pa pampu sunakwere, ndipo mnyamata wa bodaboda uja anathira a 200 monga mwa masiku onse, mashilingi 7 atsopano atabisala m'lita yake.