Kanema, zolemba kapena mau: ndi njira iti yoyenera mwana wa ku Magodi?

Pamene boma linatseka masukulu onse m'Zambia pa 20 Marichi 2020 cifukwa ca matenda a Covid-19, maphunziro ena anayamba kuperekedwa pa wailesi, pa wailesi ya kanema ndi pa intaneti. Kuyambira nthawi imeneyo makolo ndi aphunzitsi a kumidzi, monga a ku Magodi kufupi ndi Lundazi, akhala akufunsa kuti mwa kanema, zolemba ndi mau, ndi citi cimene cithandiza mwana kuphunzira popanda kusaukitsa banja.

Kanema ali ndi mphamvu pa maphunziro ofunika kuona ndi maso. Mwana aona mmene mphunzitsi acotsera nambala pa bolodi, kapena mmene ayesera zinthu pa phunziro la sayansi. Bvuto lake ndi mtengo. Kanema wooneka bwino pang'ono angathe kudya mamegabaiti 450 pa ola limodzi, ndipo afuna lamya yamakono, netiweki yolimba ndi batire lodzaza. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, ngakhale a m'matauni anakhala maola ambiri opanda magetsi. Kwa banja lodalira kasola kamodzi, kanema ndi katundu wolemera.

Mau okha ndi opepuka. Ola limodzi la phunziro lojambulidwa bwino lingathe kukwana m'mamegabaiti 30, ndipo pa wailesi silifuna bando konse. Dziko lino lili ndi mbiri pa njira imeneyi. M'caka ca 2000 Unduna wa Maphunziro, kudzera m'nthambi yake ya Educational Broadcasting Services, unayambitsa pologalamu ya Learning at Taonga Market pa wailesi ya ZNBC, yophunzitsa ana amene sanali pa sukulu. Anawo anali kusonkhana pamodzi, mphunzitsi wa pa wailesi n'kupereka malangizo, ndipo munthu wodzipereka wa m'mudzimo anali kuwatsogolera poyankha, poimba ndi polemba. M'malo ambiri anali kugwiritsa nchito mawailesi ocita kupukusa ndi dzanja, osafuna mabatire.

Ubwino wina wa mau ndi cilankhulo. Anthu ambiri a ku Magodi alankhula Citumbuka pakhomo, ndipo phunziro lojambulidwa m'cilankhulo cimene mwana amva limfika msanga, ngakhale asanadziwe kuwerenga. Wailesi za m'madera, monga Radio Chikaya ya ku Lundazi, zili pafupi ndi anthu otere. Koma mau satha kuonetsa mapu kapena kalembedwe ka cilembo, ndipo phunziro la pa wailesi likapita, mwana sangalibweze.

Zolemba ndizo zochipa koposa. Buku la masamba 100 lopanda zithunzi silifika ngakhale megabaiti imodzi, ndipo lingatumizidwe pa WhatsApp netiweki ili yofooka. Wophunzira awerenga pa liwiro lake, abwerera pamene sanamvetse, ndipo azolowera mmene mafunso a mayeso amalembedwera. Komabe zolemba zithandiza yekhayo amene adziwa kale kuwerenga, ndipo zambiri za pa intaneti zili m'Cingerezi.

Motero njira iliyonse ili ndi malo ake. Kwa ana a magiredi oyambirira, mau otsagana ndi munthu wamkulu wowatsogolera ndiwo oyenera. Kwa okonzekera mayeso a Giredi 12, zolemba zikhale maziko, mau akhale ofotokozera. Kanema asungidwire mitu yobvuta yokha, akhale wamfupi, ndipo akopedwe kamodzi pamalo pamene netiweki igwira bwino, kenaka ana agawane pa Bluetooth kapena pa memori khadi.

Phunziro la Taonga Market likali lothandiza lero: cipangizo cokha sicikwana ngati palibe munthu wokhala pafupi ndi mwana, womufunsa mafunso ndi kuona zimene walemba. Makolo asanagule bando, ayambe afunsa aphunzitsi kuti mwanayo afunika kuona, kumva kapena kuwerenga ciani.