Timawu ta wa ndi ga m'Chijapani: Vuto la Ophunzira Oyamba Kumene

Chiganizo cha Chijapani chimathera pa mneni. Mayina onse amatsogola, ndipo chimene chimasonyeza ntchito ya dzina lililonse ndi kaliwu kamene kamalitsatira pambuyo, osati malo ake m'chiganizo. Eni chinenerochi amatitcha timawuti joshi. Tione chitsanzo ichi:

(1) Kodomo ga gakkō de hon o yonda.
"Mwana anawerenga buku kusukulu."

Kaliwu ka ga kakusonyeza mwininkhani (kodomo, mwana), de kakusonyeza malo (gakkō, sukulu), ndipo o kakusonyeza pamtherankhani (hon, buku). Magulu a mayina mulibe m'Chijapani, agwirizanitsi mulibenso. Misintho ya aneni yokha siyingamudabwitse Mchewa: tabe-sase-rare-ta ndi "anadyetsedwa", ndipo msintho womchititsa ukutsogolera wochitidwa monga momwe -ets- akutsogolera -edw- kwathu kuno. Chosiyana n'chakuti nthawi ya mneni, -ta, ili kumapeto. Izi wophunzira amazigwira msanga.

Pamene amapunthwa ndi pa kaliwu ka wa. Chiganizo choyamba chimene ambiri amaphunzira ndi Watashi wa gakusei desu, "Ine ndine mwana wa sukulu", ndipo kuchokera pamenepo amakhulupirira kuti wa ndi chizindikiro cha mwininkhani. Akadzakumana ndi ga amafunsa chifukwa chimene chinenero chimodzi chikhalira ndi zizindikiro ziwiri za ntchito imodzi. Funsolo n'lolakwika chiyambire, pakuti wa sasonyeza mwininkhani konse. Amasonyeza mutu wa nkhani, ndiye kuti chinthu chimene woyankhula wachiika poyera kuti anenepo kanthu. Mikami Akira, amene kwa zaka zambiri anali mphunzitsi wa masamu, analimbikira mfundoyi m'buku lake la 1960, Zō wa hana ga nagai, mpaka kunena kuti ganizo la mwininkhani n'lobwereka ku zinenero za ku Ulaya ndipo silikwanira pa Chijapani. Ife sitifika naye kumeneko, koma zitsanzo izi zikumuvomereza pa mbali yaikulu:

(2) Watashi wa ashi ga itai.
"Ine mwendo ukundipweteka."
(3) Sakana wa tabemasu ga, niku wa tabemasen.
"Nsomba ndimadya, koma nyama ayi."

Mu (2) chimene chikupweteka ndi mwendo, ndipo ndiwo watenga ga; "ine" wangotsegula nkhani. Mu (3) wa watsatira nsomba ndi nyama, zinthu zodyedwa, ndipo akuzisiyanitsa. (Ga wa pakati pa chiganizochi ndi wina, mlumikizi wotanthauza "koma".) Owerenga aona kuti Chichewa chamasulira ziganizo ziwirizi popanda kukhotetsa kanthu. Mmodzi mwa ophunzira athu, titamuonetsa (2), anaseka nati agogo ake amayankhula Chijapani tsiku ndi tsiku.

Kufananaku sikuthera apa. Liwu lofunsira silingatenge wa, chifukwa chinthu chosadziwika sichingakhale mutu wa nkhani. Amati Dare ga kimashita ka, "Wabwera ndani?", ndipo yankho nalo limatenga ga: Sensei ga kimashita, "Abwera ndi aphunzitsi." Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anasonyeza mu 1987 kuti m'Chichewa mgwirizanitsi wa pamtherankhani amaloza dzina limene lili mutu wa nkhani. N'chifukwa chake timati "Mwagula chiyani?" koma "Mwachigula chiyani?" sichimveka bwino. Lamulo ndi lomwelo, ngakhale zida zake n'zosiyana. M'nthano namonso munthu wongotchulidwa kumene amatenga ga, ndipo akadziwika amatenga wa, monga ife timayamba ndi "padali munthu" kenaka n'kumati "munthuyo".

Tichenjeze pa chinthu chimodzi. Mchewa akasiya kutchula mlowam'malo, mgwirizanitsi amatsala pa mneni kutiuza wochitayo: "ndapita", "wapita". Mjapani akasiya sipatsala kanthu. Ikimashita angakhale ine, iwe kapena iwo, ndipo womvera amazindikira potsata mutu wa nkhani umene unakhazikitsidwa kale. Wophunzira wathu, poopa kusamveka, amabwereza watashi wa pa chiganizo chilichonse, ndipo kwa Mjapani zimamveka ngati munthu wongodzitchula yekha kapena wodzisiyanitsa ndi anzake nthawi zonse.

Nkhaniyi ikukhudzanso okonza maphunziro a zinenero. Kuyambira 1971 dziko la Japan lakhala likutumiza antchito odzipereka ku Malawi, ndipo Amalawi amapita kukaphunzira ku Japan. Mabuku a Chijapani amene Mmalawi angawapeze mosavuta amafotokoza galamala kudzera m'Chingerezi, chinenero chimene chiganizo chake chimafuna mwininkhani wotchulidwa pafupifupi nthawi zonse. Motero wophunzira amazungulira ulendo wautali kukafuna chinthu chimene ali nacho kale pakamwa pake. Ife tikuganiza kuti phunziro loyamba la wa liyambire pa chiganizo chonga (2), mphunzitsi atalemba Chichewa chake pansi pa liwu lililonse, ndipo Watashi wa gakusei desu adikire kufikira wophunzira atatha kuyankha funso la dare ga.