Kodi mumadziwa? Bwalo la ndege lomangidwa pa nthaka youndana

Bwalo la ndege la Svalbard, lomwe lili pafupi ndi tauni ya Longyearbyen pachilumba cha Spitsbergen m'dziko la Norway, ndilo lili kumpoto kwenikweni pa mabwalo onse olandira ndege za anthu apaulendo zoyenda pa nthawi yoikika. Lisanatsegulidwe mu 1975, ndege zinkatera m'chigwa cha Adventdalen m'nyengo yozizira yokha, pansi pakauma gwaa ndi chisanu. Ntchito yomanga inachedwa chifukwa pangano la mu 1920, lomwe linapereka zilumba za Svalbard kwa Norway, limaletsa kuzigwiritsa ntchito pa zankhondo, ndipo boma la Soviet Union linkaopa kuti bwalolo lidzasanduka la asilikali.

Chovuta chachikulu ndi nthaka yeniyeniyo. Msewu wotera ndege, wotalika pafupifupi makilomita awiri ndi theka, unayalidwa pa nthaka imene imakhala youndana chaka chonse, moti gawo lapamwamba likasungunuka m'chilimwe, phula limatitimira n'kuchita mabampu, ndipo vutoli likukula pamene derali likutentha mofulumira. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale dzuwa silituluka, choncho oyendetsa ndege amadalira magetsi ndi zipangizo zowalondolera pakati pa mapiri, amene ndi oopsa ndithu: mu 1996 ndege yochokera ku Moscow inawomba phiri la Operafjellet ndipo anthu onse 141 anafa.

Lero bwaloli limayendetsedwa ndi kampani yaboma ya Avinor, ndipo ndege zambiri zimachokera ku Oslo ndi Tromsø.